Amene mukuti ndife aulesi, bwerani mudzagwire khasu

Abale anga a m'tauni, ndi inu anzanga a kuno kumudzi, lero ndilemba motalika. Amene bandulo yatsala pang'ono kutha andikhululukire, adzawerenge mawa.

Mvula ikangogwa chimanga n'kumera, nyimbo ya abale athu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre imakhala imodzi chaka chilichonse: anthu a kumudzi ndi aulesi. Akuti ndatumiza ndalama yopalirira munda wanga koma anyamata akukana, angokhala pa bawo. Akuti umphawi wa kwathu ndi wochita kuufuna dala. Mawu amenewa amalembedwa pa gulu lathu la WhatsApp, amanenedwa pa maliro anthu atatsamira galimoto, ndipo ife timangoti "eya, bwana" chifukwa bokosi mwagula ndinu. Lero ine sindinena eya. Mnyamata amene wakana ganyu wanu wa mu Januwale pa mtengo umene mumanenawo sanachite ulesi, wawerengera. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 6, koma masamu a mnyamatayo ndimawamva, ndipo ndi olondola.

Tiyambe ndi ekalayo, poti ambiri a inu mumaitchula pa foni ngati mukuitanitsa botolo la Fanta. Alangizi amatiuza kuti mizere izitalikirana masentimita 75. Mwana wanga wa ku sekondale anandiwerengera papepala kuti ukatenga mizere yonse ya mu ekala imodzi n'kuilumikiza, imapitirira makilomita 5. Makilomita 5 utawerama, dothi lonyowa likumata kukhasu, ndipo mzere uliwonse uli ndi mbali ziwiri. Munthu wamphamvu, wodya bwino, ekala imamutengera pafupifupi sabata. Pakakhala dawe kapena namsongole ndiye musanene. Tsono waganyu wa mu Januwale si munthu wodya bwino ayi. Wadzuka m'mimba muli madzi okha, mwina dzulo anagonera mango owiritsa kapena phala la madeya. Pofika 10 koloko mawondo akunjenjemera, m'maso mwachita mdima. Nthawi yomweyo inu muli pa mpando wa ndalema kuimba foni kufunsa kuti afika pati.

Nanga malipiro ake? Boma lili ndi malipiro otsikitsitsa amene linakhazikitsa. Mu 2021 anali K50,000 pa mwezi, mu Febuluwale 2024 anafika K90,000, mu 2025 anafika K126,000. Zikumveka ngati ndalama zambiri, eti? Koma thumba limodzi la feteleza pa sitolo linadutsa K100,000. Ndiye kuti ngakhale munthu wolembedwa ntchito mwalamulo amakhetsa thukuta mwezi wathunthu kuti apeze thumba limodzi, asanadye, asanagule sopo. Ndipotu ameneyo ndi wamwayi. Waganyu alibe mwezi, alibe pepala, alibe ofesi yokadandaula. Iye amalipidwa pa ndime, ndipo ndimeyo amayeza ndi mapazi ndi kapitawo wanu, amene tsiku loyeza miyendo yake imatalika modabwitsa. Ena salandira n'komwe ndalama. Amapatsidwa chigoba cha chimanga, mbale ya ufa, pena madeya amene mukanapatsa nkhumba zanu.

Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Sabata yomweyo mchere, sopo, shuga ndi mafuta ophikira zinakwera pa golosale iliyonse mpaka kuno kwathu. Mtengo wa ndime unatsalira m'mbuyo, ukukwawa ngati nkhono. Inu malipiro anu akachedwa kukwera mumalowa mumsewu ndi zikwangwani, wailesi n'kulengeza. Mnyamata wa kumudzi akangoti "onjezeraniko pang'ono amalume," mukuti mwana wa uje wayamba mwano.

Ndipo onani mmene msika wa ganyu unapotokera. Miyezi imene chimanga chimadula kwambiri, Januwale ndi Febuluwale, ndi miyezi yomweyo imene mtengo wa munthu umagwa kwambiri, chifukwa mudzi wonse uli panjira makasu paphewa kusaka ganyu. Wina akakana, kumbuyo kwake kuli asanu amene ana awo sanadye. Olemba ganyu amazidziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake sapsa mtima, amangoti "ukafuna usiye." Amene tinalipo pa njala ya 2002 tinaona anthu akulima tsiku lonse kuti alandire madeya a m'kathumba. Mu 2024, dzuwa la El Niño litawotcha minda mpaka boma n'kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28, zija zinabweranso. Mukamati "tinagwirizana mtengo, sindinamukakamize," dziwani kuti amene anavomera mtengowo ndi njala, mwini wake anangogwedeza mutu.

Koma ndalama yochepayo si imene imandiwawa kwambiri. Chimene inu simuwerengera ndi munda wa waganyuyo. Mvula imene inameretsa chimanga chanu ndi yomweyo inameretsa chake. Udzu wa m'munda mwanu ndi wa m'munda mwake unabadwa tsiku limodzi. Mlimi aliyense amadziwa kuti kupalira koyamba kumafunika chimanga chisanathe masabata atatu chimerereni, ndipo feteleza wobereketsa amafuna kupeza munda woyera. Masiku amenewo akadutsa adutsa, sungawagule pa msika. Tsono iye masiku abwinowo wathera kwa inu. Akamabwerera kwake, chisoso ndi khovani zaphimba chimanga, chachita chikasu, chaonda ngati singano. Akathira feteleza wake wotsika mtengo uja, amene ndalama yake anaipeza atagulitsa nkhuku zonse, ndiye kuti akudyetsa udzu. Ena safika n'komwe pothira, thumbalo anagulitsa kale kwa mavenda kuti agule ufa.

Pokolola ndi pamene masamu amaonekera poyera. Kwa inu ngolo zikulowa, iye akututa ndi dengu. Munda umene ukanamupatsa chakudya chofika Januwale wamupatsa chofika Seputembala. Ndiye chaka chotsatira ganyu amayamba msanga, pa kusosa ndi kulima mizere, munda wake n'kuchedwa ngakhale kubzala, nkhokwe n'kutha mu Julayi. Pakadutsa zaka zitatu zinayi, munda uja akubwereketsa kwa inu nomwe, kenako wagulitsa, kenako akupalira ngati waganyu pa nthaka imene agogo ake anaswa mphanje. Mabanja otere m'mudzi muno tikuwadziwa tonse, maina sinditchula. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa iwo amene anali waulesi. Akanakhala aulesi bwenzi zikhatho zawo zili zosalala ngati zanu.

Ndiye munthu akandifunsa kuti, kodi ntchito yakalavulagaga ya malipiro ochepa ndi yoyenera kugwira, ine ndimamufunsanso: mwezi uti, ndipo kunyumba wasiya chiyani? Ganyu wa mu Julayi, kuumba njerwa, kumweta udzu wofolera, kukumba chitsime, kuthirira m'dimba la munthu, pamenepo umagulitsa thukuta la tsikulo basi, ngakhale nayenso mtengo wake umakhala wachipongwe. Ganyu wa mu Disembala ndi Januwale umagulitsa thukuta pamodzi ndi nkhokwe ya chaka chamawa, koma amakulipira thukuta lokha, nalonso mwatheka. Ameneyo kwa munthu amene ali ndi munda wake ndipo m'nyumba muli kaufa kofika Loweruka, ndikunena mosapsatira, si woyenera kugwira.

Musandimve molakwa, ine khasu sindidana nalo. Ndaligwira zaka zoposa 40, linandimangira nyumba ya malata, linaphunzitsa ana anga. Ndikamapalira munda wanga msana umawawa chimodzimodzi, koma ndikacheuka n'kuona mizere yayera ndimadziwa kuti mu Meyi ululu umenewu ndidzaupeza m'nkhokwe. Ululu wa waganyu umakalowa m'nkhokwe ya wina. Amene mumalemba kuti ntchito iliyonse ndi ulemu, mawuwo ndi okoma, koma ndimaona kuti amene amawakonda kwambiri ndi amene akulipira.

Palinso thupi. Ife a zaka za m'ma 50 tikudziwa mmene m'chiuno mumalirira usiku. Khasu likakutema phazi pa ganyu, mwini munda amati pepa, n'kuitana wina kuti amalize ndime. Kabaza wopita kuchipatala ndi wako, akakuuza kuti mankhwala ukagule, ndalama ndi yako, masiku amene wagona osagwira ntchito ndi ako. Ng'ombe yokoka ngolo mwini wake amaipumitsa masana, amaigulira mankhwala a nkhupakupa, chifukwa ikafa waluza. Waganyu akagwa, amene waluza ndi mkazi wake ndi ana basi. Amayi ndiye musanene: mwana kumsana, khasu m'manja, akaweruka akatunge madzi, akatole nkhuni, akaphike kaufa kaja. Afunseni aphunzitsi a pa pulayimale yathu kuti mu Januwale m'kalasi mumatsala ana angati. Enawo ali kumbuyo kwa amayi awo kuthandiza kuti ndime ithe msanga.

Nkhani imeneyi si yachilendo m'dziko muno. Mawu akuti thangata poyamba ankatanthauza kuthandizana. Azungu a m'maesiteti a kummwera anawatembenuza, anthu n'kumagwira ntchito mokakamizidwa kuti aloledwe kukhala pa nthaka. Abusa a John Chilembwe anaukira zimenezo mu Januwale 1915, ku Magomero magazi anakhetsedwa. Lero nkhope yawo ili pa K2,000 imene mumatambasulira mayi amene wawerama chiyambire m'bandakucha. Muziiyang'anako nkhopeyo popereka.

Azibambo athu anapita ku Wenela kukalowa pansi pa nthaka ku migodi ya ku South Africa. Ntchito inali yoopsa, ena anabwera ndi chifuwa chosatha, ena sanabwere n'komwe, ndipo ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, a Kamuzu anaimitsa maulendowo. Koma amene anabwerako anabwera ndi njinga, wailesi, malata, ena anagula ng'ombe. Mtundu womwewu umene mukuti ndi waulesi unkalimbirana malo okaswa miyala mumdima, chifukwa kumapeto kwake kunali kanthu kogwirika. Lero adzukulu awo akupalasa kabaza ku Mponela ndi ku Lilongwe, kukwera mitunda munthu wonenepa ali kumbuyo dzuwa lili paliwombo. Waulesi angapalase kabaza, zoona? Anangoona kuti kumeneko ndalama ndi ya pompopompo ndipo palibe kapitawo wa miyendo yaitali.

Za matenanti a fodya ife a chigawo chapakati sitichita kuuzidwa. Banja lonse, bambo, mayi ndi ana, kuyambira ku nazale mpaka kusoka ndi kudinda mabelo, likudya chimanga cha ngongole. Fodya akagulitsidwa ku okushoni, bwana atsegula kabuku: achotsa chakudya, achotsa mchere, achotsa feteleza, achotsa khasu, chotsala osakwana ulendo wobwerera kwawo. Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti mu 2021, ndipo inachita bwino. Koma mtima wa kabukuko sunathe ayi, unangosamukira pa foni.

Ndikudziwa zimene mulembe m'munsimu. Muti, nanga akakana ganyuyo lero adya chiyani? Funso limeneli ndi loona, sindilithawa. Mayi wamasiye amene ana akulira sangadikire Epulo. Apite ndithu, ndipo amene angamuseke ndi chitsiru. Ine sindikulimbana ndi iye. Ndikulimbana ndi amene akuona kuti mayiyo alibe kothawira, iye n'kuonapo mwayi, kenako n'kumayenda chifuwa patsogolo kuti chaka chino ndathandiza anthu ambiri ndi ganyu. Achimwene, munagula motchipa, musatchule dzina la chithandizo. Mukafuna kuthandiza, m'patseni ndowa ya chimanga mu Januwale kuti akapalire munda wake, adzabweze pokolola ndowa yomweyo imodzi, osati zitatu za katapila.

Mutinso, ifenso m'tauni zikutivuta, lendi, fizi, magetsi, madzi. Zoona, ndipo fizi za ana ena a m'mudzi muno mumalipira ndinu, sitinaiwale. Ndikudziwanso kuti pokolola mavenda amatigula tonse motchipa, wolemba ganyu ndi waganyu yemwe. Koma ngati ndalama yanu ikukwanira kulipira bwino maekala awiri, limani awiri. Musalime asanu n'kumayembekeza kuti atatu otsalawo alipiridwe ndi msana wa mwana wa mlongo wanu. Feteleza mumagula pa mtengo wake osanenerera, mbewu chimodzimodzi, mafuta a galimoto yodzatenga chimanga chimodzimodzi. Pa zonse zolowa m'munda, chimene mumanenerera mpaka malovu kuuma ndi munthu yekha. Akamaliza ntchito, m'malo mopereka, mukuti ndidzatumiza pa foni mwezi ukatha. Iye anabwera kwa inu chifukwa ufa unatha dzulo. Mwezi ukatha adzakhala atakongola kale kwa wakatapila, ndipo kandalama kanuko kadzangodutsa m'manja mwake.

Tsono inu anzanga a kuno musaombe m'manja msanga, nanunso ndili nanu mawu. Mtengo timaugwetsa tokha. Mnzako akukambirana ndi kapitawo, iwe wadutsa kuseri kukanong'ona kuti ine ndipalira pa theka. Wapeza ufa wa tsiku limodzi, wagwetsa mudzi wonse chaka chathunthu. Ena a inu ndalama ya ganyu imathera pa kachasu isanafike pakhomo, mkazi akudikira ndi madzi pamoto. Enanso mumapalira mwachinyengo, kungokwirira udzu ndi dothi, pakapita masiku atatu wadzukanso. Zimenezo ndi zimene zimapatsa pakamwa anthu amene akutinena, akationa tonse ngati amodzi.

Makolo athu anali ndi dima. Mwini munda amafulula mowa kapena thobwa, amayi n'kuphika nsima, anthu n'kubwera ndi makasu awo kumaliza munda tsiku limodzi, mawa kwa wina. Sindikunena kuti kale zonse zinali zowongoka, amene anali ndi mowa wambiri ndi amenenso ankapeza manja ambiri. Koma munda wa wosauka sunkatsala wokha m'tchire. Mabanja asanu oyandikana minda angathe kugwirizana lero lomwe: Lolemba kwa uyu, Lachiwiri kwa uyo, pofika Lachisanu pa munda uliwonse payera mbali yokwanira kudyetsa banja. Kenako ndiye tipite ku ganyu tili gulu, mtengo tikunena ndi pakamwa pamodzi. Chovuta ndi chakudya cha masiku asanuwo, ndipo apa ndi pamene banki m'khonde ingalowe, apanso ndi pamene m'bale wa m'tauni amene alidi ndi mtima wothandiza angaonekere. Amayi athu akusunga ndalama m'bokosi la maloko atatu chaka chathunthu osabana. Nanga ife amuna pa makasu chikutikanika n'chiyani?

Pakhomo panga lamulo ndaika kale. Palibe mwana wanga kapena mphwanga wotuluka ndi khasu kupita kwa munthu munda wathu usanayere. Akapita, ndime iyezedwe ndi chingwe onse akuona, mtengo unenedwe khasu lisanagwe pansi, nsima ya masana ikhalepo, ndalama iperekedwe dzuwa lisanalowe. Ndikalemba munthu ine, ndi zomwezo.

Loweruka likubwerali tili kwa amfumu pansi pa kachere, nthawi ya 2 koloko masana. Nkhani ya mtengo wa ndime ndapempha kale kuti ikambidwe, ndipo amayi abwere, chifukwa ambiri amene amawerama m'minda ya eni ndi iwowo. A m'tauni amene muli ndi minda kuno tumizani akapitawo anu, kapena bwerani nokha. Amene akuonabe kuti tikudulitsa, makasu apadera ndili nawo atatu, mipini ndakhomera dzulo.